Mlimi woyenda yekha ndi phwando la mavenda

Mwezi wa Epulo ukamapita kumapeto, misewu yafumbi yotsika m'mapiri a ku Nachisaka m'boma la Dowa imadzaza njinga ndi ngolo. Pakaliyala pamakhala thumba la soya, pena mtedza, pena nyemba. Pamphambano, pansi pa mtengo, pamalendewera sikelo, ndipo mwini sikeloyo safunsa kuti mbewuyo yadya thukuta lochuluka bwanji. Amangotchula mtengo wake, mlimi nkuyang'ana kumwamba, nkuvomera. Amavomera chifukwa mwana wabwezedwa kusukulu kaamba ka fizi, sopo watha m'nyumba, ndipo yemwe adamukongoza feteleza wabwera kale kawiri.

Chaka ndi chaka boma limalengeza mitengo yoyambira kugulira mbewu, koma chikalata cholembedwa ku Lilongwe sichikhala ndi mphamvu pansi pa mtengo paja. Mlimi wa thumba limodzi sangakane mtengo. Alimi 50 omwe asonkhanitsa matumba 300 akhoza kukana, akhoza kudikira, akhozanso kuchita hayala lole nkukagulitsa ku Mponela kapena ku Kanengo. Palibe mlimi wa ku Nachisaka, kwa Malomo kapena ku Madisi yemwe sadziwa zimenezi. Zakhala zikunenedwa pawailesi, m'matchalitchi ndi pamisonkhano ya alangizi kwa zaka zambirimbiri.

Tsono ngati nzeruyo ili pamtunda chotere, chimalepheretsa nchiyani kuti odziwawo achite? Nanga omwe adasinthadi, chidawasintha nchiyani? Mafunso awiriwa ngofunika kuposa mtengo wa soya wa chaka chimodzi, chifukwa yankho lake ndi lomwe limasiyanitsa mudzi wopita patsogolo ndi mudzi womwe umangosintha mayina a mapulojekiti pazikwangwani.

Ambiri amati mavuto ndiwo amasintha munthu. Nzoona, koma nzoona mwatheka. Njala ya 2001 ndi 2002 idakhudza pafupifupi khomo lililonse m'chigawo chapakati. Anthu adadya gaga ndi zikhawo za nthochi, adagulitsa mbuzi ndi njinga pamtengo wa nkhuku, ena adatsikira kumanda. M'mudzi mwa Masitala ku Wimbe m'boma la Kasungu, mnyamata wina, William Kamkwamba, adasiyira sukulu ya sekondale panjira makolo ake atalephera kulipira fizi. Anyamata osiya sukulu chaka chimenecho adali osawerengeka, koma amene adamanga makina opanga magetsi kuchokera kumphepo m'chaka cha 2002, ali ndi zaka 14, adali iye yekha.

Chidaonjezereka pa njalayo nchiyani? Choyamba kadali kanyumba ka mabuku pasukulu ya pulayimale ya Wimbe, komwe adapeza buku lotchedwa Using Energy lokhala ndi chithunzi cha makina a mphepo pachikuto. Chingerezi chidamuvuta, koma zithunzi zidamuuza kuti chinthucho chilipo, anthu ena adachipanga. Chachiwiri adali anzake awiri, Gilbert ndi Geoffrey, omwe adamuthandiza ndi ndalama zochepa komanso manja panthawi yomwe ena m'mudzimo amamunena kuti wapenga poti amangotolera zitsulo zotayidwa.

Koma gawo la nkhaniyi lomwe siliyankhulidwa kawirikawiri ndi ili: makinawo adaima pamudzipo akuzungulira kwa zaka zinayi dziko lisakudziwa. Zinthu zidatembenuka m'chaka cha 2006 pomwe Dr Hartford Mchazime, yemwe amagwira ntchito zamaphunziro, adamva za mnyamatayo, nkupita kukaona yekha, nkubwererakonso ndi atolankhani. Chaka chotsatira Kamkwamba adakayankhula pamsonkhano wa TED ku Arusha m'dziko la Tanzania, adabwerera kusukulu, ndipo mu 2014 adamaliza maphunziro ake ku Dartmouth College ku America. Luso lidali lake ndithu. Koma pakadapanda munthu woyenda pakati pa mudzi ndi tauni kudzalumikiza lusolo ndi anthu ena, mwina makinawo akadangowola pamalo pomwe adawamangapo.

M'boma la Dowa momwemu muli chitsanzo china. M'chaka cha 1982 Glyvyns Chinkhuntha adayamba kulima kadimba kakang'ono m'dambo lomwe anthu sankaliwerengera, kufupi ndi Lumbadzi. Pang'onopang'ono adakumba ngalande zoyendetsa madzi popanda pampu, nkumadyetsa nthaka ndi manyowa, mpaka malowo adasanduka munda wotchuka wa Tikondwe Freedom Gardens, komwe alimi, ophunzira ndi akuluakulu a boma amapita kukaona. Yunivesite ya Malawi idamulemekeza ndi digiri yaulemu ya udokotala. Komabe aliyense woyenda m'madambo a Dowa ndi Ntchisi m'chilimwe akudziwa kuti madambo ambiri amangokhala, madzi nkumapita. Munda umodzi, ngakhale ukongole chotani, susintha boma lonse.

Chifukwa chake chidaoneka bwino pa kafukufuku wina yemwe akatswiri a zachuma anayi, Lori Beaman, Ariel BenYishay, Jeremy Magruder ndi Ahmed Mushfiq Mobarak, adachita mogwirizana ndi unduna wa zamalimidwe m'midzi 200 ya m'maboma a Nkhotakota, Machinga ndi Mwanza. Zotsatira zake zidasindikizidwa mu 2021. Iwo amafuna kuona momwe ulimi wa m'mayenje, womwe umasunga chinyontho m'nthaka, ungafalikire. M'mudzi uliwonse adaphunzitsa alimi awiri okha. M'midzi ina awiriwo adasankhidwa ndi alangizi monga mwa nthawi zonse, pomwe m'midzi ina adayamba alemba kaye kuti amacheza ndi ndani, amafunsa nzeru kwa yani, nkusankha anthu omwe ali pakati pa maubale amenewo.

Chomwe adapeza nchakuti mlimi wamba sasintha kalimidwe kake atamva kwa munthu mmodzi. Amadikira kuti amvenso kwa wina wachiwiri yemwe amamukhulupirira. Komwe alimi awiri ophunzitsidwawo adali ndi anzawo ofanana, njira yatsopanoyo idayamba kuyenda. Komwe adali otalikirana, wina uku wina uko, m'midzi yambiri nzeruyo idathera m'minda ya awiri omwewo.

Kafukufuku wina wa BenYishay ndi Mobarak, wosindikizidwa mu 2019, adapezanso kuti alimi amatengera msanga kwa mnzawo wofanana naye, wa munda wonga wawo ndi mavuto onga awo, kusiyana ndi kwa munthu yemwe ali pamwamba pawo, makamaka ngati mnzawoyo walonjezedwa kamphatso kochepa pantchito yophunzitsa ena.

Palibe chachilendo apa kwa munthu yemwe adakulira kumudzi. Mlimi wa ekala imodzi akalakwitsa, banja lake limagona ndi njala mpaka Malichi. Kuyesa chinthu chatsopano kwa iye si masewera, ndiye sangachiyese poti wanena ndi bwana wobwera pagalimoto yemwe samadya za m'munda. Akaona kwa mlamu wake amati mwina ndi mwayi chabe. Akadzaonanso kwa mayi wa kumpingo kwawo, wamasiye, wopanda ng'ombe, apo ndiye amayamba kufunsa kuti dzenjelo likhale lakuya bwanji. Omwe amanena kuti alimi ngaulesi kapena ngosamva ayenera kuganizapo kawiri. Kukayika kwa mlimi wosauka ndi masamu, si umbuli.

Phunziro kwa alangizi ndi mafumu a ku Nachisaka ndi lowawa pang'ono. Nachisaka ndi limodzi mwa madera a zaulimi a boma la Dowa, pamodzi ndi Mvera, Nalunga, Chivala, Mponela, Mndolera, Madisi, Chisepo ndi Bowe. M'madera onsewa, monganso m'dziko lonse, mlangizi mmodzi amayang'anira mabanja oposa 1,000, ndiye boma ndi mabungwe amadalira alimi achitsanzo kuti afalitse uthenga. Ganizoli ndi labwino. Limaonongeka pa kasankhidwe. Kawirikawiri mlimi wachitsanzo amakhala munthu wa munda waukulu, wa ngolo ndi ng'ombe, wodziwa kuyankhula pamaso pa alendo, pena m'bale wa anyakwawa. Munda wake wachionetsero umakongola, alendo amajambula zithunzi, koma anansi ake amangoti, "Aja ndi aja, ife sitingafanane nawo." Chikwangwani chikazulidwa, mudzi umakhala monga udaliri.

Taonani mmene feteleza wa Mbeya wayendera. Mtengo wa feteleza utakwera, makamaka ndalama ya kwacha itagwetsedwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, alimi ambiri adayamba kusakaniza ndowe, gaga, phulusa ndi feteleza wogula pang'ono, nkuzimanga m'thumba kwa masabata atatu kuti zipse. Alangizi ndi mabungwe adathandiza kuphunzitsa, koma chomwe chidayendetsa njirayi khomo ndi khomo ndi maso. Chimanga cha mnansi chidali chobiriwira, ndipo mnansiyo aliyense amadziwa kuti alibe ndalama. Vuto lidalipo, mboni zidalipo zambiri, ndipo zipangizo zake zidali pakhomo pomwepo.

Koma kusintha kwa munthu mmodzimmodzi sikuthetsa nkhani ya sikelo ija. Mlimi akhoza kukolola kawiri kuposa kale nkukapereka phindu lonse kwa venda. Apa mpomwe pamafunika gulu, ndipo apa mpomwenso a Malawi adapsapo kambirimbiri.

Achikulire akukumbukira makalabu a ngongole a m'nthawi ya Kamuzu Banda. Kuyambira mu 1988 ngongole za mbewu ndi feteleza zimadzera kubungwe la boma la SACA, ndipo zimaperekedwa kumakalabu a alimi. Kabwezedwe kadali kosiririka, kopitirira 90 peresenti, moti alendo ochokera kunja amabwera kudzaphunzira. Koma kudabwera chilala cha 1992, kenako ndale za riferendamu ya 1993 ndi chisankho cha 1994, pomwe mphekesera zidawanda zoti ngongolezo sizibwezedwanso. Anthu adaleka kubweza, SACA idagwa, ndipo makalabu ambiri adagwa nayo limodzi. Zidadziwika pamenepo kuti chomwe chimamanga makalabu ambiriwo sikudali kukhulupirirana, koma thumba la feteleza kutsogolo ndi mantha kumbuyo. Ziwirizo zitachoka, padalibe chotsala.

Matenda omwewo sadathe. Pulojekiti ikamveka kuti ikubwera, magulu amabadwa usiku umodzi. Wapampando, mlembi ndi msungichuma amasankhidwa msangamsanga, mayina amalembedwa, ena a anthu omwe sadziwa nkomwe kuti ali m'gulu. Mbuzi kapena mbewu zikagawidwa, gulu limatha mwakachetechete, kudikira pulojekiti ina kuti lidzabadwenso ndi dzina lina. Mabungwe ena amadziwa bwino zimenezi koma amatseka maso, poti kumalikulu kwawo amafuna chiwerengero cha magulu, osati moyo wa maguluwo.

Sikuti thandizo lochokera kunja nloipa. Kuyambira Disembala 2006 mpaka Epulo 2007, bungwe la Concern Worldwide lidapereka ndalama mwezi ndi mwezi kwa mabanja pafupifupi 11,000 kumpoto kwa Dowa omwe sadakolole bwino. Ndalamazo zimabwera pagalimoto ya banki ya Opportunity International, ndipo amayi ndiwo amalandira pogwiritsa ntchito makadi ndi zidindo za zala. Ntchitoyo idapulumutsa mabanja ndipo idaonetsa kuti mayi wa kumudzi khadi la kubanki silimuvuta. Koma idali ya miyezi isanu, monga momwe idakonzedwera. Chomwe chimakhala ndi anthu galimoto ikabwerera ndi chomwe iwo eni adamanga.

Ndipo anthu a m'mapiri awa kumanga gulu amadziwa, sadayambe ndi mapulojekiti. Makolo amalima dima: lero m'munda mwa uyu, mawa mwa uyo, mwini munda nkuphika mowa kapena thobwa. Maliro akagwa lero, palibe amalemba kalata yopempha thandizo. Adzukulu amadziwa ntchito yawo, amayi amabwera ndi ufa ndi nkhuni, mfumu imadziwa yemwe sadabwere, ndipo yemwe amajomba maliro a anzake amadzaona yekha tsiku lake likafika. Amayi a m'misika akhala akuchita chipereganyu kuyambira kale popanda kusayinirana pepala. Magulu onsewa ali ndi zinthu zofanana: aliyense amaikapo chake, zonse zimachitika poyera, ndipo wophwanya pangano amadziwa chomwe chimuonekere.

Banki m'khonde idagwira moto chifukwa idatsata njira yomweyi. Njirayi idayambitsidwa ndi bungwe la CARE m'dziko la Niger mu 1991, ndipo itafika kuno idapeza nthaka yolimidwa kale. Ndalama ndi za mamembala eni. Bokosi limakhala ndi maloko atatu, makiyi ali ndi anthu atatu osiyana, wosunga bokosi alibe kiyi. Kuponya ndi kubwereka kumachitika pamaso pa onse, ndipo pakutha pa chaka amagawana. Palibe bwana wa ku Lilongwe yemwe angathetse gulu lotere, poti sadaliyambitse ndiye.

Komabe nkhani ya banki m'khonde siyenera kukometsedwa mopitirira. Magulu ena amaika chiwongoladzanja chokwera kwambiri ndipo amakakamiza membala aliyense kubwereka, kaya ali ndi bizinesi kaya alibe, kuti phindu lichuluke. Alipo amayi omwe amabwereka kugulu ili kuti akabweze kugulu ilo, mpaka tsiku lomwe anzawo amabwera kudzanyamula malata ndi ziwiya. Maukwati ena adasokonekera pomwepa. Vuto lina nlakuti magulu ambiri amathera pakhonde pomwepo. Anthu 20 amagawana ndalama mu Disembala, zina zimapita ku feteleza, zina ku Khirisimasi, Januwale nkuyambiranso. Mudzi umodzi ukhoza kukhala ndi magulu asanu omwe sadakhalepo pansi limodzi kuti agule feteleza pamodzi pamtengo wa pikulitsa, kapena kuti agule soya wa mamembala awo omwe mu Meyi nkudzagulitsa mitengo ikakwera. Ndalama zilipo, kukhulupirirana kulipo, chosowa ndi mlatho pakati pa gulu ndi gulu linzake.

Kuti mlathowo ngotheka, umboni uli m'mapiri momwemu. Alimi ang'onoang'ono a mtedza wa makademiya m'maboma a Ntchisi ndi Dowa, pamodzi ndi anzawo a ku Neno ndi Mwanza, ali ndi makoparetivu omwe adalumikizana pansi pa mgwirizano wa Highlands Macadamia Cooperative Union Limited, womwe ambiri amangouti Himacul. Makademiya ndi mbewu yomwe imaphunzitsa munthu kufatsa. Mtengo wake umatenga zaka zisanu kapena kuposerapo usanayambe kubereka zooneka, mtedza wake umafuna fakitale kuti uswedwe ndi kusankhidwa, ndipo msika wake weniweni uli kunja kwa dziko. Mlimi wa mitengo 50 sangachite chilichonse mwa izi payekha. Kudzera mumgwirizanowu, ndi ubale wake ndi bungwe la Neno Macadamia Trust komanso kampani ya Nutcellars, mtedza wolimidwa m'mapiri awa wafika m'masitolo a ku Britain.

Njirayo siili yosalala. Mitengo ya makademiya padziko lonse idagwa kwambiri mu 2022 ndi 2023, ndipo mlimi aliyense wa mbewuyi adamva kuwawa. Palinso yesero lomwe koparetivu iliyonse, ya mbewu iliyonse, imakumana nalo: venda amalipira lero, koparetivu imati dikirani. Membala yemwe mwana wake wadwala usiku sangadikire, ndipo kumutcha wosakhulupirika nkusamvetsa umphawi. Gulu lanzeru limakonzeratu kathumba kolipirako membala pang'ono akangopereka mbewu yake, ndipo apa mpomwe banki m'khonde ndi koparetivu ziyenera kukumana. Nzodabwitsa kuti m'midzi yambiri mamembala a ziwirizi ndi anthu omwewo, koma mabuku awo sadziwana.

Bungwe la Nasfam nalo lidachokera pansi chomwechi. Alimi ang'onoang'ono ataloledwa kulima fodya wa bale kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, amayenera kukhala m'makalabu kuti akagulitse kuokushoni. Makalabuwo adaona kuti akasonkhana amapeza mathiransipoti otsika mtengo ndipo mabelo awo sakhalitsa panjira. Adapanga mabungwe a m'madera, ndipo mabungwewo adalumikizana nkubala Nasfam mu 1997. Chidayamba ndi vuto looneka ndi maso, la lole ndi mabelo, osati malamulo a gulu olembedwa bwino.

Mphamvu ya gulu sithera pandalama. Ku Mchinji, pulojekiti ya MaiMwana idayamba mu 2005 kusonkhanitsa amayi m'midzi kuti azikambirana okha chomwe chimapha amayi oyembekezera ndi makanda, asankhe vuto lalikulu, nkupeza chochita. Magulu ena adagula njinga zonyamulira odwala, ena adalima madimba a ndiwo zamasamba, ena adasonkha ndalama zoyendera pakagwa zadzidzidzi. Zotsatira zomwe zidasindikizidwa mu 2013 m'magazini ya zachipatala ya The Lancet zidaonetsa kuti m'madera momwe maguluwa adakhazikika, imfa za amayi ndi makanda zidatsika. Sadabweretse mankhwala atsopano. Adangopatsa amayi malo oti aziyankhulana, ndi wowatsogolera wa m'dera lawo lomwelo.

Tsono udindo wa mabanja okhala m'matauni ang'onoang'ono, ku Mponela, paboma pa Dowa, pa Ntchisi, ku Madisi ndi ku Mvera, ngotani? Ngwaukulu kuposa momwe eni ake amaganizira. Anthu amenewa ndiwo ali ndi mwendo umodzi kumudzi, wina kutauni. Mphunzitsi wopuma ntchito amadziwa kulemba mabuku a ndalama, chinthu chomwe chagwetsa magulu ambiri kuposa kuba kwenikweni, chifukwa pomwe palibe cholembedwa ngakhale msungichuma wachilungamo amasanduka wakuba m'maso mwa anzake. Mwini golosale amadziwa komwe feteleza amapikulidwa. Dalaivala wa lole amadziwa mtengo wa soya ku Lilongwe lero lomwe. Mwana wa sekondale ali ndi foni yomwe ingafunse mitengo m'misika itatu nthawi imodzi. Zomwe Mchazime adachitira Kamkwamba sizidafune ndalama zambiri: adamva, adapita, adaitana ena.

Chomvetsa chisoni nchakuti ambiri mwa anthu odziwa zinthuwa amagwiritsa ntchito kudziwa kwawoko popachika sikelo. Malonda si tchimo, ndipo venda amathandiza pofika komwe ogula akuluakulu safika. Koma wamalonda wa pa Mponela yemwe angapangane ndi gulu la alimi kuti azigula mbewu yosankhidwa bwino, yochuluka, pamalo amodzi, amapulumutsa mafuta ndi nthawi, ndipo akhoza kulipira bwino osaluza. Yemwe amafinya mlimi mpaka kumusiyitsa kulima soya akudula nthambi yomwe wakhalira.

Mafumu nawo ali ndi mbali yawo. Gulu limafuna malo omangapo nkhokwe, limafuna woweruza pakabuka mkangano, limafunanso kutetezedwa kwa andale omwe amafika nthawi ya kampeni ndi mayunifolomu ndi malonjezo. Mfumu yomwe imaika mphwake pampando wa gulu lililonse ikupha gululo lisanabadwe. Chimodzimodzi abusa ndi akulu a mipingo. Mpingo ndiwo mgwirizano wakale kwambiri wolumikiza midzi ya m'mapiri awa. Kuchokera pomwe mishoni ya Mvera idatsegulidwa mu 1889 ndi ya Kongwe mu 1894, kuwerenga kudafalikira kudzera mwa aphunzitsi a m'midzi omwe amaphunzitsa abale awo, osati mwa azungu ochepa omwe adali pamishoni. Mipingo yomweyo lero ili ndi zigwirizano za amayi zomwe zimakumana sabata iliyonse osalephera. Nkovuta kumvetsa chifukwa chomwe nkhani za msika wa mbewu sizimveka m'zigwirizano zotere.

Ku unduna wa zamalimidwe ndi kukhonsolo za Dowa ndi Ntchisi pempho ndi losavuta. Mlangizi asanasankhe mlimi wachitsanzo, ayambe wafunsa anthu eni ake, amayi padera abambo padera, kuti akafuna nzeru za kumunda amapita kwa yani. Asankhe awiri kapena atatu oyandikana m'malo momwaza mmodzimmodzi mudzi uliwonse kuti lipoti lioneke lalitali. Mabungwe omwe si aboma aleke kuyambitsa magulu atsopano pomwe pali kale gulu lamoyo. Ndipo ofesi yolembetsa makoparetivu ichepetse ulendo. Lamulo la makoparetivu la 1998 lidati anthu 10 akhoza kulembetsa, koma kwa alimi a kuseri kwa phiri, maphunziro, mapepala ndi maulendo ofunika kuti satifiketi ituluke zimadya ndalama zomwe gulu longoyamba kumene silikhala nazo.

Alimi eni akewo asadikire zonsezi. Gulu lomwe likufuna kudzagulitsa pamodzi mu Meyi liyenera kupangana mvula isanagwe: mbewu yanji, mtundu uti, aliyense apereka matumba angati, asunga ndani, ndipo yemwe wapanikizika ndi vuto athandizidwa bwanji kuti asathamangire pansi pa mtengo paja. Liyambe ndi anthu ochepa odziwana, lionjezere ena chaka chamawa akaona okha. Ndalama zoyamba kusonkha zigule kope, bolopeni ndi sikelo yawoyawo yoyesedwa ndi kudindidwa ndi a Malawi Bureau of Standards, kuti thumba lililonse lizichoka m'mudzi kulemera kwake kukudziwika kale. Venda akadzati thumbalo ndi makilogalamu 43 pomwe m'kope mwalembedwa 50, padzakhale anthu khumi oti amufunse kuti enawo apita kuti.